Jombo imodzi pa geti la madzi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali, atatopa nane. Kwathu ku Kasisi ndinkadziwika kuti ndine Esinta wopsereza ndiwo. Akandituma mchere ndinkabwerako ndi nkhani zokhazokha. Azakhaliwo ankalima mu sikimu ya mthirira, ndipo atamva kuti kukufunika wothandiza kugawa madzi, anandikokera kwa kapitawo wake, a Zuze.

"Bambo, mwanayu mphamvu ali nazo," anatero, "koma mutu wake sukhala pakhomo."

A Zuze anandiyang'ana, n'kundipatsa fosholo ndi jombo zazikulu kuposa mapazi anga.

Ntchitoyo payokha si yovuta. Madzi amabwera m'ngalande yaikulu ya simenti, ndipo mbali iliyonse ya minda ili ndi geti lake lachitsulo. Umapotokola chogwirira, geti limakwera, madzi n'kulowa m'ngalande yaing'ono. Kenako umatenga saifoni, paipi yokhota ija, n'kuimiza mpaka idzaze, kutseka kukamwa kwake ndi chikhatho, kuiponyera kuseri kwa khoma, madzi n'kuyamba kuyenda okha m'mizere. Munda ukakhuta, umatseka geti. Masaifoni ndinawadziwa msanga moti amuna ena ankachita nsanje. Kutsekako ndiye kunali kundikanika. Ndinkatsegula bwinobwino, kenako ndaona fosholo yofunika kutsuka, kenako wina wandiitana, pokumbukira madzi ali mumsewu. Komiti ya alimi inauza a Zuze kuti zikachitikanso ndichoke. Komitiyo sinalakwe, chifukwa madzi otayika ndi chakudya cha munthu.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa monga mwa masiku onse. Koma a Zuze anandikhazika pakhoma la ngalande.

"Mwanawe, ndakhala ndikukuona. Ulesi ulibe. Maso ako amatola chilichonse chodutsa, ndiye tileke kudalira mutu. Vula jombo imodzi."

Ndinavula ndikudabwa. Anaikoleka pa chogwirira cha geti.

"Ukatsegula madzi, jombo izitsala apa. Udzaivala ukatseka. Mutu ungaiwale, koma phazi pa dothi la Chikwawa siliiwala."

Anandiphunzitsanso kunena mokweza chimene ndikuchita, ndi kusagwira chida china ndisanabweze choyamba. Alimi ankafa nazo kuseka akandiona ndikuyenda chotsimphina, ndikudzilankhulira kuti, "Geti lili chitsegulire, geti lili chitsegulire." Manyazi ndinali nawo, koma madzi analeka kutayika.

Tsiku lovuta linabwera m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pamthunzi. Ndinatsegulira madzi mbali imene kunali nazale ya anyezi ya mayi ena amasiye, a Nyakamera. Mbande zake zinali zanthete, zoti madzi akachuluka pang'ono zimagona osadzukanso. Ndili mkati moika masaifoni, kunamveka mkuwo kuti ng'ombe zathyola mpanda, zili m'chimanga.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangozindikira ndikuthamanga ndi ena, chibuma m'manja, tikuzipirikitsa mpaka kudambo. Zinthu zachipwirikiti ngati zimenezi ndimazikonda, magazi amayenda. Titazitulutsa tinaima n'kumakangana kuti ndi za yani, ine pakamwa pali patsogolo. Geti linali litafufutikiratu m'mutu mwanga.

Kenako ndinazindikira kuti ndaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Phazi lamanzere linkakana kuponda pansi. Ndinayang'ana, n'kuona kuti lilibe jombo, pomwepo n'kukumbukira geti!

Ndinasiya mkangano pakati osatsanzika. Dothi linkawotcha ngati chiwaya, ndipo panjira munga unandilowa kuchidendene, koma sindinaime. Ndinapeza madzi atadzaza mizere, akunyambita kamzere kotchinga nazale, mbande za m'mphepete zitayamba kale kumira. Ndinazula masaifoni, kupotokola geti mpaka pansi, n'kuboola ndi fosholo kanjira kotayira madzi kumbali. Nditatha ndinakhala m'matope momwemo n'kuyamba kulira. Ndinkaona kuti basi, ndabwerera kukapsereza ndiwo kwa azakhali.

A Zuze anafika pamodzi ndi a Nyakamera. Mayiwo anazungulira nazale yawo, n'kuwerama kudzutsa mbande zogonazo ndi chala.

"Za m'mbalizi zapita," anatero. "Zinazi zipulumuka."

A Zuze sanayang'ane anyezi. Anagwada, kutenga phazi langa n'kuliika pabondo pawo, n'kuyamba kuzula munga ndi pini wa pamalaya awo.

"Anakutuma ndani kuti ubwerere?"

"Palibe, bambo."

"Ndiye ukulira chiyani? Kale tinkachita kukufunafuna, madzi ali mumsewu. Lero wabwera wekha."

"Nanga a komiti?"

Anayankha a Nyakamera, asanaweramuke n'komwe. "Nazale ndi yanga. Ndani akadandaule?"

Ndinangoti takhuta, momwe timathokozera kwathu kuno. A Zuze anachotsa jombo pa geti, kuikutumula kuti mwina mwalowa chinkhanira, n'kundiveka okha ngati mwana.

Patapita zaka, dokotala wina anandiuza kuti vuto lolephera kusunga maganizo pa chinthu chimodzi lili ndi dzina, ndipo ambiri amabadwa nalo. Zinandipepuza mtima, ngakhale mutu wanga sunasinthe. Umachokabe pakhomo, ine n'kumauikira zoti uzipunthwapo: alamu ya pafoni, ndowa pakati pa khomo ndikateleka mphika. Chimene ndinasunga kwa a Zuze n'chakuti munthu ngati ine sungamuchiritse pomukalipira, umangomukonzera njira yobwererera. Ndinakula ndikufunsidwa kuti unali kuti. Iwo anali oyamba kuona kuti ndabwera.