Waza Kaye Madzi

Achemwali anga ankaphunzitsa pa koleji ina kuno ku Kabwe. M'mawa uliwonse, madzi a tiyi asanawire, ankatsegula kompyuta kuti aone manambala awiri. Ndinkakhala nawo ku Chililalila nthawi imeneyo, banja langa litatha, ndiye ndinkaziona zonsezi. Nambala yoyamba inkasonyeza akatswiri amene atchula kafukufuku wawo m'zolemba zawo. Yachiwiri inkawerenga anthu amene amukamba poyera pa masamba a mchezo. Onse awiri anali owerengeka ndi zala za dzanja limodzi.

Kafukufukuyo anali wa fumbi. Ife a ku Kabwe tinakulira m'fumbi la mtovu, lodwalitsa ana, la mgodi wakale, womwe agogo athu anadzagwirako ntchito kuchokera ku Malawi. Achemwali anatha zaka akuyenda m'makomo ndi timabotolo, kutapa dothi la pabwalo mpaka agalu a ku Katondo anawazolowera. Chimene ankalimbikira kunena chinali chapafupi: mayi akamasesa pouma, fumbi limathera m'kamwa mwa mwana wokwawa. Waza kaye madzi, kenako sesa.

Kenaka akuluakulu a pa koleji anawauza kuti manambala aja akapanda kukwera, ntchito yawo sadzaiwonjezera nthawi.

Amayi athu atamva anangoseka. "Ndiye muvutika na chani? Bantu tili nabo."

Anachita zimene ife timachita pakagwa maliro kapena ukwati: anapita nayo nkhani ku mphakati. Anawakakamiza achemwali kujambula mawu pa foni m'Chinyanja, mayi wina wa kwaya anawabwereza m'Chibemba, ndipo mawuwo anayenda m'magulu a pa foni, kuchoka kwa amayi a kutchalitchi kupita kwa amayi a mumsika, mpaka kukafika ku Mpima. Posakhalitsa ndikamapita ku Misa ya m'mawa ndinkamva fungo la dothi lonyowa mu Ogasiti, mvula kulibe. Madzi ndi ovuta kwathu, koma azimayi ankasunga otsukira mbale n'kumawaza ndi dzanja.

Lamlungu lina amayi athu anabwera atanyadira, chitenje cha mpingo chili m'chiuno.

"Manje nambala yakwera?"

"Amai, kompyuta siiona ma group yathu. Ifuna ma professor, olo bolemba pamene dziko yonse iona."

"Nanga ise sindise bantu?"

Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya. Ndinawauza achemwali kuti atseke chinthucho asiye kuchipembedza. Anandiyang'ana mofatsa, monga ankachitira ndikadali mwana wamakani, n'kunena kuti, "Iwe, ni nchito yanga ili apo."

Ntchito inathadi. Anayamba kuphunzitsa ana a sekondale masamu pakhonde, ndipo za fumbi anasiyiratu kuzikamba. Koma kompyuta ankaitsegulabe m'mawa, akuganiza kuti ine sindikuona. Zinkandipweteka kwambiri kuona munthu wamkulu, wanzeru chotero, akutsitsa mapewa chifukwa cha kanambala. Matenda a kuthamanga kwa magazi anawapeza ali kale ofooka, ndipo anatisiya nyengo yotentha isanathe.

Anzawo a ku koleji analemba zachisoni pa masamba a mchezo, aliyense akuikapo kafukufuku uja. Bambo wina wa tayi anandipeza pa maliro, nandionetsa foni yake. Nambala yachiwiri ija inali itakwera kuposa mmene achemwali anaionerapo ali moyo. "Ayenda maningi pa intaneti ba sister banu," anatero, ndipo ankanena mwa mtima wabwino. Ndinachoka pamenepo ndisanamulalatire.

Kutacha, azimayi amene anagona pa maliro anadzuka kuti asese pabwalo. Ndinakhala pakhonde paja, pafupi ndi benchi ya ana a masamu. Mayi wina wachitsikana, mwana ali kumbuyo, amene sindinkamudziwa n'komwe, anaika tsache pansi, natenga beseni n'kuyamba kuwaza madzi kuyambira pachipata. Ndinamuitana.

"Anakuphunzitsani ndani kuchita so?"

Anandiyang'ana modabwa, madzi akudontha m'zala.

"Kuwaza? Ah, mami, palibe. Aliyense aziba."