Bambo atuluka pansi pa mgodi

Bambo anga anakhosomola zaka zonse za nkhondo yomenyera ufulu wa dzikolo. Ankagwira ntchito pansi, pa mgodi wina waung'ono wa golide pakati pa Kwekwe ndi Connemara, ndipo fumbi la mwala linali litawadya m'chifuwa. Dokotala ananena poyera kuti akapitiriza kutsika, tiwaika m'manda. Koma kusiya ntchito kunali kusiyanso nyumba ya m'komboni, ndipo kwawo ku Dedza anachokako ali mnyamata.

Nthawi imeneyo azungu ambiri ankaitanidwa ku usilikali, choncho ntchito zapamwamba, monga za m'sitolo, za pampu ndi za m'nyumba ya nyale za otsika pansi, zinayamba kupatsidwa kwa anthu akuda. Bambo anapempha kangapo. Yankho la manijala linali lomwelo: palibe tsankho, amene wapeza malo wapeza mwamwayi. Mwayi wakewo unali wodziwa kusankha ndithu, chifukwa sunkagogoda pa zitseko zathu ife Amalawi, amene ena ankatitcha mabhurandaya.

Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pamgodipo, ndipo ndinkaphunzira masamu a ziwerengero kudzera m'makalata. M'menemo ndinakumana ndi kayezedwe kotchedwa kayi-sikweya. Umatenga zimene wapezadi, n'kuziyerekeza ndi zimene ukanayembekezera zinthu zikanangoyenda mwamwayi. Pa gulu lililonse, kusiyanako umakuchulukitsa ndi iko komwe, n'kugawa ndi choyembekezera chija, kenako n'kuphatikiza zonse. Yankho likaposa malire olembedwa kumapeto kwa buku, ndiye kuti mwayi waukana mlanduwo. Nditawerenga, magazi anandiwira. Bodza la manijala linali loyezeka!

Akuluakulu a komiti ya antchito anandiseka. Wapampando wawo anati, “Mwanangu, chalaka bakha nkhuku singatole. Ife tayankhula mpaka kusasa mawu, iwe ukuti masvomhu?” Masvomhu ndiwo masamu m'Chishona. Ndinawayankha mwaulemu, koma mumtima ndinkati bakhayo sanapite kusukulu.

Kuwerenga amuna a m'komboni sikunavute, popeza ana awo ndinkawaphunzitsa ndipo khomo lililonse ndinkalidziwa. Antchito apamwamba ndinawagawa potengera mayina awo: uyu Mshona, uyu Mndebele, uyu wathu. Athu anali ochepa zomvetsa chisoni, ndipo yankho linadumpha malire kutalitali. Sabata imeneyo ndinkayenda ngati mgodi ndi wa bambo anga.

Kenako kunagwa maliro a mayi wina wokalamba. Mwana wake anali kalaliki wa m'sitolo, munthu amene tonse tinkamudziwa ndi dzina la Chishona, ndipo ine ndinamuika kwa Ashona. Pamanda, amayi a bungwe lathu la maliro atayambitsa nyimbo ya Chichewa, kalaliki uja anaitsatira mpaka ndime yomaliza, misozi ili chuchuchu, osaphonya liwu. Nditayang'ana bwino ndinaona wa pampu wina ndi mlonda wa pageti, milomo yawo ikuyendanso. Anali athu. Anagula mayina ndi zitupa kalekale kuti asamatchedwe alendo, koma nyimbo ya maliro inawaulula.

Ndinakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani. Kuwabwezera ku gulu lathu kunali kufooketsa mlandu wa bambo. Kuwatchula kwa mzungu kunali kuwachotsetsa ntchito, mwinanso kuwamangitsa, pakuti masiku ankhondo aja nkhani ya chitupa sinali yosewera nayo. Kalaliki uja anamva zimene ndinkachita ndipo anandipeza pampopi n'kundichonderera.

“Sisi, ndapota, musandiphere ana.”

“Achimwene, masamu amenewa sadya mayina,” ndinatero. “Amangofuna kudziwa kuti gulu ili ndi lalikulu bwanji. Inu mukhala kadontho chabe.”

Ndinawabwezera onse ku gulu lathu, mwakachetechete, n'kuwerengeranso. Yankho linatsika kwambiri, koma linatsalabe pamwamba pa malire. Mpaka lero chinthu chimene ndimanyadira kwambiri ndi chimenecho, kuti ndinapita ndi yankho laling'ono loona.

Kwa akomiti ndinafotokoza ndi beseni la nyemba zofiira ndi zoyera zosakaniza. Ndinauza wapampando kuti atape ndi kapu atatsinzina. Zimene anatapa zinafanana ndi za m'beseni. Ndinati, “Nanga kapu ikatuluka ndi zoyera zokhazokha, mungati bwanji?” Iwo anati, “Ndiye kuti wotapayo akusuzumira!” Anavala jekete, tinapita kwa manijala pamodzi ndi akomiti ena.

Manijala anali injiniya, ndipo anakazindikira kayezedwe kaja atangoona pepala langa.

“Ubani yena enzile lo?” anafunsa m'Chilapalapa, chiyankhulo cha pamigodi, akuyang'ana amuna aja kuti wachita izi ndani.

“Ndine, bwana,” ndinayankha m'Chingerezi, ndipo sindinatsitse maso.

Anatenga pensulo n'kuyamba kusaka cholakwa. Anasaka mpaka makutu anafiira. Kenako anafunsa chifukwa chake Amalawi apamwamba anali ochulukirapo pa chiwerengero changa kuposa amene iye ankawadziwa. Ndinati, “Pamene ndinkakayika ndinakomera inu, bwana. Ngakhale choncho, onani.” Anafuna mayina. Ndinati buku silipempha mayina, ndipo iyenso ankadziwa kuti silipempha.

Sanapepese, anthu aja sankapepesa. Anangoti akapitawo ndi amene amabweretsa mayina a anthu ofuna ntchito, ndipo aziona. Koma malo atatseguka m'nyumba ya nyale, anaitana bambo. Pambuyo pawo analowanso athu ena, ndi mayina awo enieni.

Tsiku loyamba ndinadikira bambo pageti. Anatuluka nkhope ili mbee, popanda fumbi m'nsidze, atatchinga maso ndi chipewa.

“Iwe ndi masvomhu akowo wandipweteka,” anatero. “Dzuwa la kuno n'lamwano. Kodi limawala chonchi tsiku lonse?”

“Tsiku lonse, ababa.”

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ine n'kumawasisita pamsana. Chifuwacho sichinathe, chinadzawatenga ndithu nkhondo itatha. Koma anamwalira pakama pawo, zenera lili lotsegula, akudandaulabe za dzuwa.