Nyumba ya pachithunzi

Tinenenji Makwinja anabadwira ku George, komboni ya mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, ndipo akukhalabe momwemo ndi atate ake, ba Isaiah. Amayi ake anamwalira iye ali giredi naini. Alongo ake awiri anakwatira n'kusamuka, wina ku Kanyama wina ku Kitwe, choncho pakhomo panatsala anthu awiri okha: nkhalamba yosakonda kuyankhula ndi mtsikana wosasiyana ndi foni.

Ba Isaiah anabadwira ku Dedza, ku Malawi. Atate awo anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu a ku Chisamba, ndipo atakhazikika anakatenga mkazi wawo ndi Isaiah, amene anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwana wamkulu, Norah, anamusiya kwa agogo ake kuti adzamutenge chaka chotsatira. Sanakamutenge. Makalata anayenda kwa zaka zingapo, kenako analeka. Ba Isaiah anakulira kuno, nagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ya anthu olemera ku Kabulonga kwa zaka makumi atatu, mpaka bondo linawakana. Za ku Dedza ankakumbukira dzina la mudzi, kuzizira kwa m'mawa, ndi kuti Norah anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo.

Tinenenji analowa koleji ina m'tauni kukaphunzira kujambula ndi kukonza zofalitsa nkhani. Kamera yakeyake analibe. Ankatenga ya kusukulu Lachisanu n'kukaibweza Lolemba. Koma diso anali nalo, ndipo mphunzitsi wawo, ba Kabaso, ankakonda kuonetsa kalasi yonse zithunzi zake: mayi wowoloka madzi a mvula atasenza nsapato pamutu, wometa tsitsi akugona pampando wa makasitomala. Lamulo la ba Kabaso linali limodzi. Chithunzi ungachiwalitse, ungachidule m'mbali, koma usaikemo chinthu chimene panalibe.

M'chaka chomaliza aliyense anauzidwa kuti akonze kanema wamfupi woonetsa mmene intaneti ikulumikizira anthu. Anzake anasankha za zibwenzi ndi za mapemphero oulutsidwa pafoni. Tinenenji anasankha kufunafuna azakhali ake.

Anatenga chithunzi chakale cha agogo ake, chodyedwa ndi mphemvu pakona, n'kuchikonza pakompyuta mpaka nkhope inaoneka bwino. Anachiika pagulu la anthu a ku Dedza pa Facebook, pamodzi ndi dzina la mudzi. Patapita milungu itatu mayi wina dzina lake Philomena analemba kuti: "Amenewa ndi agogo anga. Chithunzi chofanana nacho chili m'Baibulo la amayi. Amayi ndi a Norah, ali moyo."

Anagwirizana zoimbirana Lamlungu masana. Tinenenji anaimika kamera pambali kuti ijambule atate ake, foni n'kuitsamiritsa pa chitini cha shuga. Pafoni panaoneka gogo wowonda atakhala pa sofa yofiirira, kumbuyo kwake kuli kabati yagalasi yodzaza mbale. Anasuzumira kwa nthawi.

"Isaya?" anatero.

Ba Isaiah anasendera pafupi ndi foni. Gogoyo anaseka, mpata uja n'kuonekera, ndipo ba Isaiah anaphimba nkhope ndi chipewa. Anayankhulana mphindi khumi ndi ziwiri, zambiri mwa izo akulira, kenako netiweki inaduka.

Tsiku lotsatira Philomena anapempha chithunzi chabwino cha amalume ake, choti akatsukitse n'kupachika kunyumba. Tinenenji anatulutsa mpando panja, pakhoma pamene dzuwa la m'mawa limagwa bwino. Khomalo lili ndi mzere wakuda wofika m'mawondo, pamene madzi amalekezera chaka chilichonse. Ba Isaiah anatuluka atavala jekete la kutchalitchi, nayang'ana khomalo, osakhala pansi.

"Unaiona sofa ija?" anafunsa.

"Ninaiona, batate."

"Ndi kabati. Mlongo wanga anatsala kumudzi, ine n'kubwera ku tauni. Ndiye aone izi?" Analoza khoma ndi ndodo. "Pakompyuta pako paja umachotsa vinthu. Chotsa ichi. Uikepo nyumba ya ku Kabulonga."

"Sininga chite ivo. Ku sukulu bamakana. Ni boza."

"Kapinga uja ndinadzala ine. Mpanda wa maluwa ndinadzala ine, ndi mitengo yonse ya kutsogolo. Bodza lili pati?"

Tinenenji anakana masiku awiri. Atate ake sanamukakamize, anangosiya kufunsa za foni, ndipo kusafunsako kunamupweteka kuposa kukalipa. Loweruka anakwera minibasi ziwiri mpaka ku Kabulonga, n'kujambula nyumbayo kudzera pa mpata wa geti mlonda asanamuone. Ntchito yoika atate ake patsogolo pa nyumbayo inamutengera masana onse mu labu ya kukoleji. Anafananitsa kuwala, anaika mthunzi wa atate ake pa kapinga kumbali yoyenera, anadetsa pang'ono nsonga za nsapato kuti zioneke ngati zaponda udzu wonyowa. Mpaka lero amati sanapangepo ntchito ina yaukhondo ngati imeneyo.

Philomena sanangochitsukitsa. Anachiika pa Facebook ndi mawu akuti, "Amalume athu a ku Zambia apezeka." Anthu mazana anayi anachikonda. Ena analemba kuti Mulungu saiwala ake, ena kuti magazi sataika. Ba Isaiah ankapempha kuti awawerengere ndemangazo mobwerezabwereza, ndipo ankagwedeza mutu ngati akumva ulaliki.

Mu Febuluwale Philomena analemba kuti akubwera kudzaona amalume. Tinenenji analemba uthenga wautali wofotokoza zoona zake, n'kuufufuta. Anaulembanso mwachidule, n'kuufufutanso. Atauza atate ake, iwo anati m'bale ndi m'bale, akafika adzamvetsa. Anakatenga mipando iwiri yapulasitiki kutchalitchi, napha nkhuku.

Tinenenji anakamulandira pa siteshoni ya mabasi akutali. Philomena anali mayi wamfupi wa zaka za m'ma makumi anayi, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere ndi nsapato zoyera zatsopano kumapazi. M'minibasi ankacheza kwambiri, akufunsa za nyumba zitalizitali za m'tauni. Atadutsa Matero anayamba kuchepetsa mawu. Anatsika mvula itangokata kumene, ndipo njira yopita kunyumba inali ya miyala yoponda umodziumodzi pamwamba pa madzi obiriwira. Philomena anavula nsapato n'kuzigwira m'manja.

Pakhomo anaima, nayang'ana khoma, nayang'ana nkhalamba ya jekete imene inali itatambasula manja.

"Tafika?" anafunsa motsitsa.

Anagwada, napereka moni mwaulemu wonse, nadya nkhuku, nayankha mafunso onse a amalume ake okhudza anthu amene anamwalira kalekale. Foni yake sanaitulutse m'chikwama ngakhale kamodzi.

M'mawa mwake awiriwo ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba. Tinenenji ndiye anayamba.

"Ba Philomena, chithunzi chija ninapanga ine. Batate banapempha. Benze na nsoni chifukwa cha sofa yanu."

"Sofa ija ndi ya abusa," anatero Philomena osadzutsa mutu. "Tinawanyamula amayi panjinga kupita nawo kumeneko, chifukwa kwathu netiweki kulibe, komanso munthu sungaonetse alendo mphasa."

Tinenenji anaseka, mtima utapepuka. "Ndiye tinanamizana tonse."

Philomena sanaseke. Anaika mbale pansi.

"Asuweni, si zofanana. Ife tinabwereka mpando wa ola limodzi. Amayi akudwala mtima, miyendo yatupa, kuyenda akulephera. Ndinagulitsa mbuzi zanga ziwiri kuti ndifike kuno, mudzi wonse ukudziwa kuti ndapita kwa amalume a nyumba ija. Ndimati mwina adzati ndibwere nawo amayi kuno, adzaonedwe ndi madokotala a ku Lusaka. Mukanangondiuza. Mbuzi zikanakhalapo."

Tinenenji anapitiriza kutsuka mphika womwe unali utayera kale.

Tsiku lonyamuka ba Isaiah anati pa Isitala adzabwera okha kudzaona mlongo wawo, ngakhale bondo likuvuta. Philomena anagwadanso, ndipo anayankhula mofatsa kwambiri moti poyamba nkhalambayo sinamve kuti akuikaniza.

"Amalume, chaka chino ayi. Amayi akudziwa kuti mlongo wawo ali pabwino. Chithunzi chili pakhoma pafupi ndi pamene amagona, aliyense wobwera kudzawaona amamuonetsa. Ndikawauza kuti ndakupezani monga momwemo, kungoti mwatanganidwa. Asiyeni akhale nazo zimenezo."

Kuchokera pamenepo mauthenga anayamba kufupika. Tinenenji akafunsa za azakhali, yankho linkabwera patapita masiku atatu: "Ali choncho." Akapempha kuimba, ankauzidwa kuti abusa achokapo.

Kanema uja anayenera kuperekedwa mu Epulo. Tinenenji anali ndi zonse zofunika kuti anene nkhani yonse, ndipo kwa sabata imodzi ankaganiza zotero. Koma kunena zonse kukanatanthauza kuimika atate ake pamaso pa kalasi ndi khoma lawo ndi bodza lawo, ndiponso kuvomera kwa ba Kabaso zimene anachita mu labu. Anadula kanemayo pamene ba Isaiah aphimba nkhope ndi chipewa, naikapo nyimbo yofatsa. Anapambana onse m'kalasi. Pa tsiku loonetsa ntchito za ophunzira anthu anawomba m'manja, amayi ena akupukuta misozi, ndipo ba Kabaso anauza alendo kuti foni imodzi yagwetsa malire amene analekanitsa banja kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Tinenenji anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Atamuitana kutsogolo ananena kuti zikomo, n'kubwerera.

A Norah anamwalira mu Juni. Palibe anaimba. Tinenenji anaziona pa Facebook ali m'minibasi, pakati pa chilengezo cha nsapato ndi kanema wa ukwati wa mnzake: zithunzi khumi ndi zinayi za maliro, oikidwa dzana lake. Pansi pake anthu anali atalemba kale mapepeso oposa zana.

Anafika kunyumba n'kupeza atate ake akusoka thumba la makala. Anakhala pansi pafupi nawo n'kuwauza. Ba Isaiah anabaya singano pathumba, napukuta manja pa buluku, natambasula dzanja kuti awapatse foni. Anaona zithunzizo chimodzichimodzi, akukulitsa ndi zala ziwiri monga anawaphunzitsira, kufunafuna nkhope yoti aidziwe pakati pa anthu ozungulira manda. Anapeza Philomena yekha.

"Bokosi labwino," anatero pobweza foni. Anatenganso singano, koma sanasoke. Madzulo a tsiku limenelo sanadye, ndipo sabata yonse sanapite kutchalitchi.

Tinenenji anamaliza maphunziro. Ntchito ya kunyuzipepala kapena ku wailesi ya kanema sanaipeze, ndipo sanailimbikire. Pano amagwira pa kashopu kena ku Matero kosindikiza makadi a ukwati, zikwangwani za matchalitchi ndi mapulogalamu a maliro. Ndi waluso, ndipo makasitomala amachita kumudikirira. Ophunzira a kukoleji kwake akabwera kudzasindikiza ntchito zawo amamuzindikira, chifukwa kanema wake amaonetsedwabe kwa a chaka choyamba. Akamufunsa kuti azakhali aja ali bwanji, amati anamwalira, n'kufunsa kuti akufuna pepala lonyezimira kapena wamba. Mtsikana wina atamuumiriza kuti anene chimene anaphunzira pa ntchito ija, anayankha kuti anthu mazana anayi akhoza kukonda chithunzi chako popanda mmodzi wodziwa kumene umagona, ndipo kuti iye zojambula anthu anasiya.

Chaka chitatha, Philomena analemba koyamba m'miyezi isanu ndi itatu. Anapereka moni, nafunsa za bondo la amalume, kenako anati mu Ogasiti kuli mwambo wovundukula chiliza cha amayi, ndiye popeza asuweni ndi odziwa za kompyuta, mwina angawakonzere kapepala koitanira anthu. Anatumiza chithunzi cha a Norah ndi mndandanda wa achibale. Pa mzere wachitatu panalembedwa kuti "A Isaiah Makwinja, Lusaka."

Tinenenji anakonza kapepalako nthawi ya nkhomaliro. Anasankha zilembo zooneka bwino ngakhale pafoni yaing'ono, anachotsa chikasu chimene chinali pankhope ya gogoyo, nakonza dzina la mudzi limene Philomena analilemba molakwika. Anatumiza, ndipo pansi pake anawonjezera kuti: "Batate bafunsa ngati tingabwere."

Philomena anayankha kapepalako ndi kachizindikiro ka chala chachikulu. Funso lija analiwerenga nthawi yomweyo, pa 13:42, ndipo Ogasiti anadutsa yankho osabwera.