Nthungululu Yanga ku Westlands

Ndinanyamuka ku Athi River 12 koloko masana, Loweruka, nditatchena chitenje chatsopano. Mwana wanga Tadala, wa zaka khumi ndi chimodzi, ankavina bale 3 koloko m'holo ina ku Westlands. Bale ndi gule wa Azungu uja wovina chonyang'ama. Ine ndinali ndisanamuonepo akuvina. Kawiri konse ntchito ya ku ofesi inanditsekereza, ndiye m'mawa umenewo, pokwera basi ya sukulu, mwanayo anandiuza mosaseka: "Amayi, mukapanda kubwera lero ndisiya kuvina. Anzanga akumati ndilibe mayi."

Matatu, ndiye kuti minibasi ya kumeneko, yopita m'tauni inali mashilingi makumi asanu. Masiku amenewo munalibe za malamba a pampando, kondakitala ankangotipanikiza ngati matumba a makala. Pa Mombasa Road, titangodutsa mphambano ya ku bwalo la ndege, tinaima. Lole ya simenti inali itafera pakati pa msewu. Ola lathunthu tili pomwepo. Nditafunsa kondakitala kuti tinyamuka liti, anangoti, "Pole pole, mama," kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Pole pole, ngati mwanayo ndi wake. Ndinagula chimanga chowotcha pawindo, koma ndinangochigwira m'manja.

M'tauni ndinatsika 3 koloko itatsala pang'ono. Ndinathamanga, munthu wamkulu ine, chitenje m'manja, n'kudumphira matatu ya ku Westlands ya mashilingi makumi awiri. Paholo ndinafika mphindi khumi zitadutsa, thukuta lili kamukamu.

Pakhomo panaima bambo wina wa jekete yakuda. Ndinamuonetsa tikiti, iye n'kupukusa mutu. "Mama, gule akayamba sititsegula. Mudikire mpaka apumule."

"Mwana wanga ali mkatimo," ndinatero.

"Aliyense ali ndi mwana mkatimo."

Ndinapsa mtima. Kwathu ngakhale pamaliro wochedwa amamusendera kuti akhale. Ndinaima theka la ola ndikumvera piyano kudzera pachitseko. Mwayi wake, papepala la ndondomeko gulu la Tadala linali m'chigawo chachiwiri.

Atapumula ndinalowa, koma pampando wanga kutsogolo panali patakhala kale munthu, ndipo anandiloza mzere wotsiriza. Magetsi anazima. Abale, ndi gule wanji wopanda ng'oma, wopanda woimbira? Anthu mazanamazana ali duu, ngati akulemba mayeso. Wina atatsokomola, anzake anamuyang'ana ngati waba.

Kenaka analowa atsikana asanu ndi atatu, timadiresi toyera tili njo. Wachitatu kuchokera kumanzere anali Tadala. Miyendo inkachita zonse bwinobwino, moti ndinadabwa kuti kamwana kokana kutsuka mbale kaja kangapepuke chonchi. Koma maso ake ankangobwerera pampando wanga uja. Ali pasiteji sakanationa ife a kumbuyo, unali mdima wokhawokha. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndi ya mwana amene watsimikiza kuti mayi ake anamunamizanso.

Ndinaimirira, dzanja pakamwa, n'kuimba nthungululu. Yaitali, ya kwathu ku Dedza, yosanyengerera.

Mitu yonse inatembenuka. "Shhh" ponseponse. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti amene anatsonya mokweza anali mayi wakuda ngati ine ndemwe, amene sindikukayika kuti paukwati wake azakhali ake analuluta. Bambo wa jekete uja anabwera ndi katochi, n'kunditulutsa ngati chidakwa. Ndiye bale amene ndinaona pa moyo wanga tsiku loyambalo sanakwane mphindi zisanu. Mpaka lero ndikakumbukira katochi kaja mtima umawira.

Tadala anatuluka 5 koloko, n'kungotsogola kokwerera matatu. Ndinati basi, ndamuchititsa manyazi mwanayu pamaso pa anzake. M'matatu ya m'tauni, zii. M'matatu ya ku Athi River, zii. Tikudutsa pamene panafera lole paja m'pamene anatsegula pakamwa.

"Aphunzitsi andikalipira. Akuti wovina bale saseka pasiteji."

"Nanga iwe umaseka chiyani?"

"Ndinakumvani." Anayang'ana kuwindo. "Lolemba tikuyamba kuphunzira gule wina. Nsapatozi zayamba kundithina."

Ulendo umenewo unandiphunzitsa kunyamuka m'mawa, ndipo pa magule ake onse otsatira ndinkafika chitseko asanatsegule. Koma kupepesa sindinapepese kwa aliyense. Anazimitsa magetsi okha, nanga mwana akanadziwa bwanji kuti mayi ake afika?