Chitini cha Mayankho a Bambo Bwanali

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow ndinaipeza chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndinali nditabwera kudzaphunzira zachuma ku Hillhead, ndipo Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinatsutsana ndi anthu atatu pa nkhani ya makuponi a feteleza mpaka tiyi wanga anazizira m'manja. Bambo wina wamfupi, woyendetsa takisi, anandikokera pambali nati, "Achimwene, malovu amenewa mukungotaya ulere. Mubwere Lachiwiri." Awa ndiwo anali a Bwanali.

A Bwanali ankatsogolera kagulu ka Amalawi a kuno kochemerera mkulu wina amene ankapikisana ndi anzake pa mpando wa pulezidenti kwathu. Dzina sinditchula, ife tinkangoti Akulu. Mfundo zawo zinali zosavuta kuloweza koma zovuta kugulitsa: boma lichepetse kulowerera, misonkho itsike, mlimi agulitse mbewu zake kulikonse kumene wafuna, ndipo makuponi athe. Ife akunja sitivota, koma a Bwanali ankati munthu amene amatumiza kangachepe kumudzi akaimba foni, banja lonse limatchera khutu. Ine ntchito yanga inali yoyankha otsutsa, m'magulu a pafoni ndi pamisonkhano.

Zida anandipatsa zitatu: laputopu yakale yosweka pakona, foni yachiwiri, ndi chitini cha mabisiketi chodzaza makhadi. Obiriwira anali a ulimi, oyera a zipatala, achikasu a misonkho. Kutsogolo kwa khadi kunali funso la wotsutsa, kuseri kunali yankho. Dongosolo lake linali limodzi: thokoza, bwereza funso, werenga yankho, usapitirire mphindi ziwiri. Ndikachedwa a Bwanali ankaimika zala ziwiri m'mwamba. "Osayankha munthu," ankatero. "Munthu amakukwiyitsa. Yankhani funso basi."

Ndinkaikonda ntchitoyo, ndisaname. Malipiro ake anali ongokwanira kukwera basi ndi kugula buledi, koma masana a Loweruka aja m'khitchini mwa a Bwanali, mawindo atachita nthunzi, tikuyeserera kutsutsana, mpaka lero ndimawasowa. Iwo ankakhala wotsutsa, n'kumandikalipira ngati ndawabera mbuzi, ine n'kumayankha. Ndipo mfundozo ndinkazikhulupiriradi, sikuti ndinkangotumidwa.

Munthu mmodzi yekha sankafuna kumva za ntchito yangayo: Mayi Nachisale, namwino wa pachipatala chachikulu, amene ankakhala ku Maryhill. Nditangofika kumene, ndilibe nyumba, ndi iwo ananditola. Ndinagona pa sofa yawo miyezi inayi. Jekete yanga yoyamba yozizira anagula ndi iwo. Ngakhale nditasamuka, Lachisanu lililonse ndinkadya kwawo, ndipo kuno ndinalibe mayi wina. Za ndale ankangoti, "Chikumbutso, zimenezo uzizisiya pakhomo limodzi ndi nsapato."

Tsiku lovuta linali msonkhano wathu waukulu, mu holo ya tchalitchi china ku Dennistoun, Lamulungu masana. Anthu anadzaza, ambiri anamwino ndi osamalira okalamba, ena akadali ndi yunifomu mkati mwa majekete. Ine ndinaima pa nsanja, maikolofoni m'manja, chitini patebulo. Mafunso oyamba ndinawakwapula bwinobwino. Wina anati Akulu ndi munthu wa olemera, ine ndinamufunsa ngati mayi wogulitsa tomato amene amathamangitsidwa chifukwa chosowa chikalata ndi wolemera. Anthu anaomba m'manja, ine mutu n'kuyamba kukula.

Kenako kumbuyo kunaimirira Mayi Nachisale. Sindinadziwe n'komwe kuti abwera.

"Amayi anga ali ku Kasungu," anatero. "Ndi okalamba, koma amalima. Mwati makuponi atha ndipo mitengo idzatsika m'tsogolo. Chabwino. Chaka choyambacho adzadya chiyani?"

Dzanja langa linalowa lokha m'chitini n'kutulutsa khadi lobiriwira. Ndinachita monga ndinaphunzitsidwira. "Zikomo mayi amene mwafunsa," ndinatero, n'kubwereza funso, n'kutembenuza khadi. Ndinawerenga kuti makuponi amazoloweretsa anthu kutambasula dzanja m'malo molimbikira.

Mayi Nachisale sanakweze mawu ayi. "Mayi amene mwafunsa? Chikumbutso, lero wandiiwala dzina? Nanga amayi anga, amene khasu linawapinda msana, ndi otambasula dzanja?"

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinali nditanyoza agogo amene chithunzi chawo chinali pamwamba pa sofa ija, ndipo ndinawayankha mayi anga nditaima pamwamba pawo ngati bwana. Ndinadziwa kuti ndikawerenga khadi lina, chitseko cha ku Maryhill chatsekeka. A Bwanali anali atakankhira kale khadi lachiwiri kwa ine, zala ziwiri zili m'mwamba.

Ndinasiya maikolofoni patebulo, ndinatsika, ndinadutsa pakati pa mipando yonse, n'kukanjuta pambali pawo monga tinaleredwera. Ndinawapepesa. Kenako ndinawauza chimene chinandilowetsa m'zimenezi, nkhani imene sinali pa khadi lililonse. Bambo anga chaka china anakolola nandolo wambiri, wogula anapezeka wa mtengo wabwino, koma panali lamulo loletsa kutulutsa mbewu popanda chilolezo. Anayenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha, nandolo anafumbwa m'matumba, mchemwali wanga n'kusiya sukulu. Pa mndandanda wa makuponi dzina la bambo silinkatuluka. "N'chifukwa chake ndimati boma limusiye mlimi," ndinatero. "Ndipo ndikutero mpaka pano. Koma za chaka choyamba cha agogo, Mayi, sindikudziwa. Akulunso sananene."

Mayi Nachisale anandiyang'ana, n'kukhala pansi.

Msonkhano utatha a Bwanali anandilanda foni yachiwiri ija. "Woyankha sanena kuti sindikudziwa," anatero. "Mwatigwetsa pamaso pa anthu." Kuyambira tsikulo misonkhano ankayankha okha, ine anandisiyira kulemba makhadi. Sindiwasungira chakukhosi, munthuyo anandiphunzitsa ntchito.

Nditatuluka, kunja kunkagwa kamvula ka kuno kosatha kaja. Ndinaima pa siteji ya basi ndikudziwa kuti ntchito yandipulumuka, osadziwa ngati mayi nawonso andipulumuka. Kagalimoto kofiira kanaima, windo n'kutsika.

"Lowa," anatero Mayi Nachisale. "Akulu akowo sindiwafuna, ndipo mawa ndiimba ku Kasungu kuti asawavotere. Koma Lachisanu lapitali sunabwere, ndiwo zako zikadali mufiriji."

Ndinalowa ndikupukuta m'maso, n'kumanamizira mvula.

Akulu sanapambane. Papita zaka, ndipo ndikadali wa maganizo omwewo. Aliyense wofuna kutsutsana nane za misika ndi misonkho andipeza. Chitini chija a Bwanali anadzandisiyira, ndimasungiramo mabatani ndi singano. Koma lamulo lawo ndinalitembenuza. Funso lililonse limabwera ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi amayi ake kwinakwake amene akudikira mvula. Masiku ano munthu akanditsutsa, ndimayamba ndamufunsa kwawo, ndipo pamene ndilibe yankho ndimanena kuti ndilibe. Mayi Nachisale mpaka lero amati mfundo zanga n'zopanda mchere, koma Lachisanu lililonse mbale yanga imakhala patebulo.