Utsi wa Chitsulo

Chaka chomwe mbozi zinatha chimanga chathu ku Pembamoyo, ndinagulitsa njinga ya malemu bambo n'kukwera basi ya ku Joni.

Ntchito ndinaipeza pa kampani yodula zitsulo. Makina ake ankadula ndi kuwala kotchedwa leza, kopyapyala ngati ulusi. Ine ndinkaika zitsulo patebulo n'kuchotsa zodulidwa. Pomwe kuwalako kwadutsa pankafuka kautsi kotuwa. Chokokera utsi panja chinali chakufa, abwana n'kumangoti akonza mawa.

Amene anandifotokozera za utsiwo ndi a Sitoe, mkulu wa ku Mozambique amene ankayendetsa makinawo.

"Mwana wanga, uwu si utsi wa nkhuni. Kuwalaku kumawiritsa chitsulo mpaka kusanduka nthunzi. Nthunziyo ikazizira mumpweya imaundana, n'kukhala tinjere toti diso silingaone. Sitigwa pansi, ndipo kansalu kako ka pamphunoko timangodutsa."

Ndinamva, koma ndalama zomwe ndinkatumiza ndi zomwe zinkagula feteleza kwathu. Ndinakhala zaka zinayi. Potumiza uthenga wa mawu pafoni, chifuwa chikandidula pakati, ndinkafufuta n'kuyambiranso. Lamlungu ndinkaswera m'kachipinda kanga osalankhula ndi munthu.

Adokotala ataona chithunzi cha mapapo anga anati si TB. Anafunsa komwe ndimagwira ntchito, n'kunena kuti utsi uja wandiwononga mapapo. Mwezi womwewo ntchito inatha.

Ndinatsika minibasi pa boma la Chadiza ndi chikwama chimodzi. Lero ndikalima mizere iwiri ndimakhala pansi kufunafuna mpweya. Anthu amanong'onezana kuti ndi matenda ena aja. Ndinatopa n'kufotokoza za tinjere tosaoneka.

Sabata yachiwiri chibwerereni, mng'ono wanga Yohane, amene mkazi wake anali woyembekezera, anatipeza pakhonde amayi akusoka thumba.

"Akulu, malo anu a ntchito aja ku Joni analowapo kale munthu?"

Ndinamuuza zonse: utsi, chokokera chakufa chija, mawu a adokotala. Ndinamuuza kuti aike khutu pamsana panga amve momwe mukulirira m'katimu. Anamva, n'kungoyang'ana kumbali. Ndinatembenukira kwa amayi kuti andithandize kumuletsa.

Iwo sanadzutse mutu. Anamanga mfundo, n'kudula ulusi ndi mano.

"Mupatse nambala ya abwanawo," anatero. "Uyu chifuwa chake n'cholimba."