Khoswe wa Nyuzipepala ya Che Saidi

Izi ngakhale mwamuna wanga sakuzidziwa. Ndikamachokera kusikelo ndimaima pakhonde pomwe Che Saidi amagulitsira nyuzipepala, n'kumawerenga mwaulere tsamba la ntchito. Tsiku lina ndinaona kuti hotela ina ku Makokola ikufuna munthu wa satifiketi ngati yangayi. Che Saidi atandilandira mwana kuti ndimange bwino chitenje, ndinang'amba kachidutswa ka ntchitoyo n'kukabisa m'bulauzi.

Bambo wina anagula nyuzipepala yomweyo, n'kubwerera akukalipa: "Achimwene, mwayamba kutigulitsa zodyedwa ndi makoswe?"

Che Saidi anapepesa, mwana wanga ali m'manja mwawo. Khosweyo ndinali pompo.

Pofika kunyumba kapepalako kanali katanyowa ndi mkaka, adiresi yosawerengekanso. Mawa kuli sikelo, njira ndi yomweyo. Ndikaulule, kapena ndizingowapatsa moni?